Bowa Woyera wa Venla

Venla anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Iye ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kupeza bowa yekha. Chaka chatha sanapeze ngakhale mmodzi.

Tsiku lina Venla ankapinda masokosi. Ankawapinda awiriawiri. Ofiira ndi ofiira. Akuda ndi akuda.

Ababa analowa m'nyumba. Nsapato sanavule n'komwe.

"Siya masokosiwo, Venla," anatero Ababa. "Andipatsa tchuthi. Mawa tikupita ku kanyumba kathu ka kunyanja."

"Bowa aliko?" anafunsa Venla.

"Mvula yagwa sabata yonse. Bowa ndiye ali mbwee."

Eelis, mchimwene wake wa Venla, anaseka.

"Uyu?" anatero Eelis. "Uyu bowa akhoza kumuponda koma osamuona."

"Musiye mlongo wako," anatero Amayi.

Kanyumbako kanali kum'mawa kwa Finilandi. Kanali m'mbali mwa nyanja yaing'ono. Kunali kutayamba kuzizira. Masamba anali atasanduka achikasu. Ena anali atafiira. Ambiri anali atayoyoka kale.

M'mawa onse anavala magambuti. Amayi anabereka Touko, mwana wakhanda. Ababa ananyamula dengu ndi kampeni. Analowa m'kanjira kozungulira nyanja.

Ababa anaima pansi pa mtengo wa paini.

"Lamulo ndi limodzi," anatero. "Bowa aliyense mundionetse kaye. Ndikavomera, alowe m'dengu."

Eelis anapeza bowa wachikasu. Anawaonetsa Ababa.

"Alowe," anatero Ababa.

Amayi anapeza bowa wachikasu. Anawaonetsa Ababa.

"Alowe," anatero Ababa.

Ababa ankapala dothi ndi kampeni. Ankaduladula bowayo pomwepo. Dengu linayamba kudzaza.

Venla anayang'ana pansi pa masamba. Panalibe bowa. Anayang'ana kuseri kwa mwala. Kunalibe bowa. Anayang'ana pa chitsa. Anangopezapo nkhono.

"Mwapeza angati, akatswiri?" anafunsa Eelis.

Venla anatsalira m'mbuyo pang'ono.

Kenako anamuona. Anali bowa wamtali. Anali woyera mbee. Analibe banga ngakhale limodzi.

Venla anamuzula. Ababa anali patsogolo. Dengu anali atalisiya pa mwala. Venla anakumbukira lamulo lija. Koma anaganiza zina.

"Ndiwauza tikatha kudya," anatero chamumtima. "Ndidzati, mwadya bowa wanga. Eelis adzasowa chonena."

Anamubenthula ndi zala. Anamubenthula tizidutswa ting'onoting'ono. Anatibisa pansi pa bowa wachikasu. Palibe anamuona.

Posakhalitsa Touko anayamba kulira.

"Ine ndibwerere," anatero Amayi. "Ndipatseni dengulo. Ndikaphikiretu. Mukapeza zapsa."

Amayi anabwerera ndi Touko. Anabwerera ndi dengu.

Ababa, Eelis ndi Venla anapitirira. Anadutsa pa dambo. Anayenda pa matabwa oterera. Anakwera kachitunda. Anayenda, anayenda, mpaka anafika tsidya lina la nyanja.

Kanyumba kawo kankaoneka kakang'ono. Pa denga pake pankatuluka utsi.

Mwadzidzidzi Ababa anaima.

"Imani," anatero. "Bwerani muone. Koma musamukhudze."

M'mbali mwa njira munali bowa. Anali wamtali. Anali woyera mbee. Analibe banga ngakhale limodzi.

"Koma ndiye ndi wokongola," anatero Eelis.

"Ndi wokongola, koma amapha," anatero Ababa. "Kachidutswa kamodzi kokha kamapha munthu wamkulu. Ngakhale umuphike tsiku lonse, amaphabe."

Venla anakumbukira tizidutswa tija.

Anayang'ana bowa uja. Anayang'ana utsi uja. Amayi anali atakoleza moto. Ndipo Amayi akamaphika amalawa. Nthawi zonse amalawa.

Venla anafuna kuyankhula. Ankaopa Ababa. Ankaopa Eelis. Koma utsi uja ankauopa koposa.

"Ababa," anatero.

Mawu ake anali aang'ono. Ababa sanamve.

"Ababa," anateronso.

"N'chiyani, mwanangu? Watopa?"

"Ndinapeza wotereyu. Ndinamuika m'dengu."

Ababa anatembenuka. Anagwada kuti aonane naye maso ndi maso.

"Wathunthu?"

"Ndinamubenthula. Ali pansi pa enawo."

Ababa sanakalipe. Anatulutsa foni. Anaimbira Amayi.

Foni ya Amayi inalira. Inalira pafupi kwambiri. Inalira m'chikwama cha Ababa. Amayi anali ataisungitsa momwemo m'mawa.

"Tithamange," anatero Eelis.

"Njira ndi yaitali," anatero Ababa. "Ndi ola lathunthu."

Tsidya lija Amayi anatuluka ndi ndowa. Ankaoneka aang'ono ngati nyerere. Anatsikira ku madzi.

"Mayi a Eelis!" anafuula Ababa. "Musadye bowayo!"

Eelis anafuula. Venla anafuula. Mphepo inatenga mawu awo.

Amayi anawaona. Anakweza mkono. Anabayibitsa mosangalala. Kenako anatunga madzi. Analowanso m'nyumba.

Venla anayamba kulira.

Chapafupi panali bwato. Pambali pake panali Agogo a Reijo. Iwo ankakhala tsidya limenelo. Ankakonza ukonde wawo.

Ababa anathamangira komweko.

"Achikulire, bwato," anatero Ababa. "Chonde."

Agogo a Reijo anayang'ana nkhope ya Ababa. Anayang'ana nkhope ya Venla. Anaponya ukonde pa udzu.

"Kwerani," anatero.

Anali ndi jekete imodzi yoyandamitsa munthu pa madzi. Anamuveka Venla. Anamumanga bwinobwino. Nkhafi anapatsa Ababa.

"Palasa ndiwe," anatero. "Mikono yanga inakalamba."

Ababa anapalasa. Anapalasa ndi mphamvu zonse. Madzi anali akuda bii. Anali ozizira. Mafunde ankamenya bwato, phwa, phwa.

Venla anatseka maso.

"Mulungu, Amayi asalawe," anapemphera. "Chonde, asalawe."

Anatsegula maso. Kanyumba kanali kakadali kutali. Utsi unkatulukabe.

Anatsekanso maso.

"Mulungu, Amayi asalawe. Chonde, asalawe."

Wina anamugwira phewa. Anali Eelis. Eelis sanaseke. Anangomugwira, osamusiya.

Pakati pa nyanja mphepo inakula. Bwato linapendama. Madzi analowa pang'ono. Agogo a Reijo anawakapa ndi kachitini.

"Usaope madziwa, mwana," anatero. "Amandidziwa."

Ababa anapalasa. Thukuta linatsika. Kanyumba kanayamba kukula. Zenera linaoneka. Chitseko chinaoneka.

Bwato linagunda mchenga. Venla anadumpha. Madzi analowa m'magambuti. Anathamanga. Anagwa. Anadzuka. Anathamanganso.

Pakhomo pankanunkhira anyezi ndi batala.

Venla anakankha chitseko. Amayi anali pa mbaula. Touko anali pa mkono umodzi. Supuni inali ku dzanja linalo. Bowa ankalira m'chiwaya, tswee.

"Amayi, musalawe!"

Amayi anadabwa.

"Wanyowa bwanji chonchi? Mwabwera pa bwato?"

Ababa analowa ali wefuwefu.

"Mwalawa?" anafunsa. "Mayi a Eelis, mwalawa?"

"Ndilawa bwanji?" anatero Amayi. "Bwana Touko anditayira supuni pansi kawiri. Ndangoitsuka kumene."

Ababa anakhala pansi. Anakhala pansi penipeni, pafupi ndi chitseko. Anaphimba nkhope ndi manja.

"N'chiyani kodi?" anafunsa Amayi.

Venla anapuma kwambiri.

"Muli bowa woyera," anatero. "Ndinamuika ndine. Sindinawaonetse Ababa."

Amayi anayang'ana m'chiwaya. Anayang'ana supuni. Anaiika pansi pang'onopang'ono. Anachotsa chiwaya pa moto.

Ababa anakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Anatayamo bowa yense. Anakwirira. Anaikapo mwala waukulu. Eelis anatsuka chiwaya katatu.

Kenako Ababa anatenga sopo. Anatenga madzi ofunda. Anasambitsa manja a Venla. Anasambitsa chala chilichonse, chimodzichimodzi. Anapukuta ndi thaulo.

Amayi anaphika mbatatesi. Anadula buledi wakuda. Agogo a Reijo anafuna kubwerera.

"Ayi," anatero Amayi. "Lero mudya kuno."

Onse anakhala pa tebulo. Ababa anapemphera. Pemphero lake linali lalifupi.

"Mwatisunga, Ambuye. Zikomo. Ameni."

Eelis anabaya mbatatesi ndi foloko. Anaikweza m'mwamba.

"Ababa, iyi ilowe?"

"Ilowe," anatero Ababa.

Agogo a Reijo anaseka. Amayi anaseka. Touko anamenya tebulo ndi kadzanja kake.

Koma Venla sanadye. Ankangoyang'ana mbale.

Amayi anasendeza mpando wawo pafupi. Anamupatsa buledi wopaka batala wambiri.

"Unali ndi mantha," anatero Amayi. "Koma unanena. Unanena nthawi ikadalipo. Taona, ndili pano."

Venla anawagwira dzanja. Linali lofunda. Linali dzanja la Amayi ake, amoyo.

Anatsika pa mpando. Anaimirira. Amayi anali atatambasula kale manja. Ababa ankamwetulira. Ulendo uno mawu a Venla sanali aang'ono.

"Amayi, Ababa, ndinalakwa," anatero. "Ndikhululukireni."