Chifuwa cha Pampando wa Pakona

Ine ndinayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde, mpaka ndinakajambula magulu akuluakulu a nyimbo kutsidya kwa nyanja. Makutu angawa amamva ntchentche ikusisita manja kuseri kwa chitseko. Choncho ndikati ndinamva, ndinamvadi. Woyimba piyano amene ndinali naye tsikulo adakali moyo, mukamufunse.

Tsikulo tinkajambula mayi wina wachikulire woyimba vayolini, m'holo yakale yonunkha fumbi ndi polishi. Zala zawo zinali zitayamba kunjenjemera, ndipo anandiuziratu kuti chimbale chimenechi n'chomaliza. Holoyo anatibwereka masana amenewo okha.

Pantchito yathu timayamba tajambula chete wa m'chipinda, nyimbo isanalire. Ndinatseka zitseko, ndinazimitsa mafani, woyimba piyano ndinamuvulitsa nsapato zake zolira. Ndinavala mahedifoni.

Chete.

Kenako wina anakhosomola.

Ndinakalipira woyimba piyano, iye analumbira kuti si iye. Tinayamba nyimbo. Itafika potsika, pamene vayolini imangonong'ona, chifuwa chija chinabweranso. Tinabwereza. Chimodzimodzi. Ndinayendetsa maikolofoni mzere ndi mzere, mpaka ndinaima pampando wa pakona. Panalibe munthu. Pankangomveka fungo la mankhwala opaka pachifuwa.

Dzuwa linayamba kupendeka. Dzanja la mayi aja linkatopa.

Ndinaitana mkulu wosamalira holo. Sanadabwe n'komwe. Anati pamenepo pankakhala bambo wina amene sankaphonya konsati, ndipo ankakhosomola mpaka akazi awo atawapatsa switi. Bamboyo anamwalira kalekale, koma akaziwo adakalipo.

"Ndiye malemu akusowa wowapatsa, bwana," ananong'ona.

Ine, munthu woti ndinatontholetsapo sitima ya pamtunda podikira kuti idutse, ndinagwada n'kuika switi pampando wopanda munthu. Ndinapempha mwaulemu kuti akulu atithandize.

Ndinabwerera pamakina. Ndinakweza dzanja kuti ayambe.

Kapepala kokutira switi ija kanayamba kulira. Tswa. Tswa. Pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wofuna kuti asasokoneze anzake. Woyimba piyano anatseka maso. Mayi aja anayang'ana kupakona, uta woyimbira vayolini uli m'mwamba.

"Malizani, bambo, tikudikira," anatero.

Kapepala kanaleka.

Anayimba. Abale, ndayenda, koma kuyimba kotere sindinakumvepo. Dzanja silinanjenjemere ngakhale pang'ono. Nyimbo itatha tinakhala duu, kuopa kupuma. Palibe anakhosomola.

Pampando paja tinapeza kapepala kokha, kopindidwa bwinobwino.

Chimbalecho chinatchuka, monga zimakhalira ndi ntchito zanga zonse. Akatswiri akunja anandilembera kufunsa kuti ndinachita bwanji kuti holo izimveka ngati ikupuma. Sindinawayankhe. Koma inu mukachipeza, kwezani voliyumu potsika paja. Kumanzere, chapansipansi, mudzamva munthu akumung'unya switi.