Matsire a Gyu-tae

Kwa a Pyo, mu mzinda wa Cheongju, kunali mtendere. Bambo anali mkulu wa mpingo, mayi ankaimba kwaya, ndipo mwana wawo yekhayo, Gyu-tae, anali atangoyamba ntchito pa kampani ina yogulitsa mafiriji.

Disembala itafika, maphwando otseka chaka anayamba. Usiku ndi usiku a Bang, bwana wake, ankamuthirira mowa wa soju.

"Iwe mwana wa kutchalitchi, tambula ya bwana umaibweza? Landira ndi manja awiri."

Kunena zoona, wamng'ono kukanira wamkulu mowa n'kovuta kuno kwathu, ndipo Gyu-tae ankaopa kusalidwa kuntchito. Koma sipanapite nthawi, anayamba kutambasula dzanja asanauzidwe.

Bambo ake atamudzudzula, iye anaseka. Anati sanayendetsepo galimoto ataledzera, poti usiku uliwonse amaitana dalaivala waganyu kuti amubweretse kunyumba. Apa sankanama.

Mmawa wa Khirisimasi anadzuka mutu ukugunda. Mayi ake anamuphikira msuzi wotentha wa mphukira za soya, umene tonse timati umachotsa matsire.

"Imwa, mwanawe, mowa uchoke. Kenako undiperekeze pa galimoto, ndachedwa ku kwaya. Abambo ako atsogola kale."

Anamwa, thukuta linatuluka, nadziona ngati wachira. Pa mlatho msewu unali utaundana ndi chisanu. Galimoto ya patsogolo itaima, phazi lake linachedwa kufika pa buleki. Anakhotetsa mwaphuma, ndipo mbali imene kunakhala mayi ake inakamenya chipilala. Apolisi atamuyeza mpweya, anapeza kuti mowa unali udakali m'magazi.

Pa maliro a mayiwo, a Bang anabwera, anagwada, kenako n'kumauza anthu kuti iwo nthawi zonse amalangiza anyamata awo kumwa moyenera.

Gyu-tae analoledwa kufika pamaliropo, wapolisi ali pambali. Anatambasula mkono kuti amuveke kansalu ka mizere iwiri kamene mwana wamwamuna amavala polandira olira. Bambo ake anakapereka kwa mphwawo.

"Kansaluka n'ka mwana wa malemu," anatero osamuyang'ana. "Iwe ndiwe dalaivala wawo."

Mlandu ali nawo a Bang, ndipo mayi aja anakhulupirira msuzi monga tonsefe. Koma amene anagwira chiwongolero ndi mmodzi. Achinyamata, mowa wa usiku sutha chifukwa kwacha. Ngati munamwa dzulo, siyani makiyi, ngakhale wokutumani akhale mayi wanu.