Bambo Amene Anabwerera Disiki

Madzulo amenewo ndinangofuna kusesa m'kompyuta. Inkachedwa kuyaka moti munthu unkawiritsa tiyi n'kumwa iyo isanatsegule maso. Malemu amuna anga anali osataya kanthu. Mapulogalamu akalekale, ophunzitsa kutaipa, amasewera, anangoti mbwee. Ndinawafufuta mopanda chisoni.

Chimodzi chokha ndinkaopa kuchikhudza: mawu a malemuwo, akuimbira mwana wathu ali wakhanda. Mtsikanayu sawakumbuka bambo ake. Amawadziwira pa nyimbo zimenezo basi.

Alamu anga, ang'ono awo a malemu, anali atandilalikira mpaka makutu kuwawa. Ankati ndikopere zonse pa disiki yapadera, ndipo disikiyo izigona nyumba ina. Ine ndinkangoti mawa, mawa. Tsiku limenelo ndinakoperadi, koma disiki ndinaisiya chilumikizire ku kompyuta komweko.

Mvula inayamba titangodya. Mwana anali kukhitchini, akutsuka mbale. Kenako pachitseko: go, go.

Galu wathu, wouwa ngakhale chithunzithunzi chake, anali duu.

Panja panaima bambo ena aatali, pomwe kuwala kwa babu kumathera. Nkhope sindinaione.

"Pepani mayi, ndabwerera disiki ija."

Ndinafunsa ngati atumidwa ndi alamu. Anangotambasula dzanja. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinakazula disiki n'kuwapatsa. Mkono wa malaya awo unali wouma, mvula ikukhuthuka chonchija.

Nditakhoma chitseko m'pamene nzeru zinandibwerera. Sindinauze munthu aliyense kuti ndakopera. Ndinatsegulanso. Pamatope panalibe phazi.

Ndisanakhale n'komwe pansi, mphezi inang'anima. Magetsi anathima, nyumba yonse kununkha mawaya opsa. Kompyuta ija inafera pomwepo.

Kutacha ndinathamangira kwa alamu. Anati sanatume munthu. Ndinangoti khwe pakhonde pawo n'kuyamba kulira. Mwana ndikamuuza bwanji kuti mawu a bambo ake ndawapereka kwa mlendo mumdima?

Apo akazi awo anatuluka m'nyumba, disiki ili m'manja.

"Iyi si yanu?"

Anaipeza m'kabati ya mbale za alendo, imene kiyi wake amagona naye m'khosi. Tinaiyesa pa kompyuta ya alamu. Nyimbo zonse zinalimo. Ndinaliranso, koma ulendo uno alamu analira nawo, ngakhale amakana.

Aneba amanong'onezana zambiri. Ena amati anali malemu, ena amati mngelo. Mayi apafupi nafe amati ndinakaisiya ndekha ndili m'tulo, ngati kuti ndimalowera pakabowo ka kiyi. Sinditsutsa, sindivomera. Chimene chinkandiwawa n'chakuti munthu wandichitira zazikulu chotero, ine n'kumutsekera chitseko osathokoza.

Ndinamuuza mwana zonse. Kutada anatsegula chitseko, n'kuima akuyang'ana kumsewu.

"Zikomo, ababa," anatero chapansipansi.

Ndinali kumbuyo kwake. Sindinamuletse.