Zithunzi Zimene Ndinadula Anthu

Pa esiteti ina ya fodya ku Lisasadzi, ntchito yanga inali yoyang'anira webusaiti imene alimi ankatumizako zithunzi za masamba odwala kuti alangizi aone. Matenanti ali ndi kachitidwe kawo: sajambula tsamba lokha. Amaima pambali pake atavala malaya a kutchalitchi, kuti bwana adziwe mwini munda. Kompyuta yosungira zithunzi itayamba kudzaza, ndinaikonza kuti izidula anthuwo, kusunga tsamba lokha, chithunzi choyambacho n'kufufuta. Ndinkadziona wochenjera.

Madzulo ena kunabwera mayi Modester, mkazi wa a Moffat, tenanti wa ku Phalombe amene tinawaika m'manda sabata yapitayo.

"Achimwene, mawa ndikubwerera kwathu," anatero. "Malemu ankati chithunzi chawo chili mwanumu. Ndikufuna ana akule akuidziwa nkhope ya bambo awo. China tilibe."

Ndinafufuza. Ndinapeza tsamba lamawangamawanga, ndi zala zinayi zitaligwira. Ndinachita manyazi, koma ndinanama kuti netiweki yavuta, abwere m'mawa.

Usiku umenewo ndinatsala ndekha mu ofesi, kusakasaka chinthu chimene ndinkadziwa kuti kulibe. Cha m'ma leveni kompyuta inalira. Chithunzi chatsopano, chochokera pa nambala ya a Moffat. Foni yawo ndinkaidziwa, inafera m'madzi mvula isanathe.

Tsamba lomwe lija, zala zomwe zija. Chinalowa china: mkono mpaka m'chigongono. Chinanso: phewa, ndi kolala ya malaya oyera. Kumbuyo kwake sikunali munda. Linali khoma la ofesi yathu, pafupi ndi chitseko.

Fungo la fodya wouma linadzaza chipinda. Kenako gogogo, motsitsa, mmene tenanti amagogodera kwa bwana. Ndinadziwa kuti chotsatira ndi nkhope, yomwe ija mayi uja ankaifuna. Koma mantha anandikulira. Ndinazula chingwe cha magetsi.

M'mawa nditayatsa, zonse zija kunalibe. Munali chithunzi chimodzi: munthu atakhala pampando wanga, atavala malaya anga, mutu utadulidwa bwinobwino m'khosi monga imadulira kompyuta.

Mayi Modester anakwera lole chimanjamanja, ana atatu pambuyo. Sanandifunsenso kanthu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pa esiteti amanong'onezana kuti a Moffat anabwera kudzasiyira ana awo nkhope, ine n'kuwadulanso kachiwiri.