Rimoti ya Mayi Mhango

Pakhomo pa a Redson Chikadza ku Mchesi panalibe chuma, koma panali ulemu. A Redson anali mkulu wa mpingo, ndipo ankadula makiyi pakhonde la sitolo ina ku Old Town, kufupi ndi msika. Akazi awo, a Consolata, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Mwana anali mmodzi yekha, Lexon. Atamaliza Fomu 4, bambo ake anamuikira mpando pambali pa benchi lawo, nayamba kumuphunzitsa ntchito.

Inali nthawi imene maofesi a boma amene anali atatsalira ku Blantyre ankasamukira ku Lilongwe. Mabanja ankafika ndi katundu m'malole kudzalowa nyumba za ku Area 10, 11 ndi 12. M'chipwirikiti cha msamukowo makiyi ankasowa, ena ankathyokera m'maloko. Magalimoto ambiri anali otsegula ndi rimoti, ndipo a Redson anali mmodzi mwa anthu ochepa odziwa kukonza timarimoti timeneti.

"Rimoti ikakana, usathamangire kunena kuti yafa," ankatero pomuphunzitsa mwana wawo. "Yamba wasintha batire. Ikakanabe, itsegule upukute dzimbiri ndi sipiriti. Ikakanabe, ona ngati batani lamasuka, uwotcherere. Zonsezi zikalephereka, m'pamene umuuze mwini wake kuti agule ina. Yakaleyo um'patse m'manja, kapena uiphwanye ndi nyundo iye akuona. Pano sipagona kiyi wa munthu."

Lexon anali ndi manja opepuka. Posakhalitsa ankadula kiyi mwaukhondo kuposa bambo ake, ndipo a Redson ankamutama kwa aliyense.

Pakhondepo pankakonda kufika Percy, dobadoba wogulitsa magalimoto a eni ake, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Ankadikira kuti a Redson achokepo.

"Aise, manja amenewa ukuwawonongera chiyani? Iwe ndi madala ako mudzakalambira pakhonde pompano, mukusinthira mabwana mabatire."

"Ndiye ntchito yake," anayankha Lexon.

"Ntchito? Bwana wa ku Area 12 akudziwa chiyani za m'kati mwa rimoti? Ukanena kuti yafa, ndiye kuti yafa. Umugulitse yatsopano. Mtembowo undisungire ine."

"Mukautani mtembo?"

"Ndikauika m'manda," anatero Percy akuseka.

Tsiku lina a Redson anapita ku maliro ku Mitundu. Masana kunaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka mayi wina, Mayi Tabitha Mhango, wogwira ntchito m'boma, amene anali atangosamukira ku Area 11.

"Mwanangu, a Chikadza alipo? Anzanga ku ofesi anandiuza kuti ndisapite kwina. Akuti ndi munthu wa Mulungu."

"Achokapo, mayi. Ndine mwana wawo."

"Basi, n'chimodzimodzi."

Anam'patsa kiyi wa galimoto, wokhala ndi rimoti kumutu kwake. Lexon anatsegula rimotiyo. M'kati munali mowala, mopanda dzimbiri, mabatani ali m'malo mwake. Batire lokha ndi limene linatha. Lexon anaitsekanso.

"Mayi, iyi yafa. Yapsa m'kati."

"Mayo ine! Ndi msamuko womwewu, zinthu zangowonongeka zonse. Ndithandize, mwanangu."

Lexon anadula kiyi watsopano, nalumikiza rimoti yake ndi galimotoyo. Mayiwo anayesa, zitseko zinatseguka, ndipo anakondwa.

"Nanga wakaleyu ndipite naye?"

"Musiyeni, titaya."

Madzulo ake Lexon anaika batire latsopano m'kiyi wakale uja, nam'pereka kwa Percy.

Patapita masiku, Mayi Mhango anaimika galimoto yawo ku City Centre, nalowa m'banki. Percy anafika ndi tayi yake, nayenda pakati pa magalimoto ngati mwini wake. Anadina batani, galimoto yoyera inaphethira magetsi. Analowa, naliza injini. Mlonda wa pamalopo anamuchitira sawasha potuluka.

Lexon anagula nsapato zosongoka ndi foni. Anayamba kumwa mowa ku Bwandilo. Marimoti a anthu anayamba kufa kawirikawiri, makamaka a Redson akapita ku msonkhano wa akulu a mpingo.

A Consolata anaona nsapatozo pakhomo.

"Lexon, bambo ako adula makiyi kuyambira usanabadwe, ndipo nsapato zawo ndimakasoketsa ine kumsika. Izi zachokera kuti?"

"Ndi mnzanga anandipatsa, amayi."

"Mnzako wa tayi uja? Munthu wopanda ofesi amavaliranji tayi? Tamvera, mwanawe. Dzina limene ukudyera pakhonde paja si lako. Unangobwereka."

"Amayi, mumangodandaula zilizonse."

"Ndikudandaula lero kuti ndisadzalire mawa."

Eni magalimoto atatu anakadandaula ku polisi. Pa magalimoto onsewo galasi silinasweke, loko sanathyoledwe. Onse atafunsidwa kuti makiyi anali angati, anakumbukira kiyi wakufa amene anamusiya pabenchi la a Chikadza.

Apolisi anafika m'mawa, Lexon atatumidwa kukagula mabatire. Pobwera anaona gulu la anthu pakhonde, ndipo anaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa minibasi. Anamva wapolisi akufunsa kuti, "Analandira makiyi amenewa ndani?"

A Redson anakweza maso. Anamuona mwana wawo kutsidyako. Anamuyang'ana pang'ono, kenaka anabweza maso awo kwa wapolisiyo.

"Benchi ili ndi langa," anatero.

Apolisiwo anawamanga maunyolo, makina odulira makiyi n'kuwakweza m'galimoto. Lexon sanawoloke msewu.

Anathamangira kwa Percy.

"Khala phe, aise. Madala ngati amene aja sawasunga. Sabata ino ikamatha akhala atatuluka. Ukatsegula pakamwa, iwe ndiye ukaolera konko."

Aka kanali komaliza kumuona Percy.

Sabata inatha, mwezi unatha. Mlandu unkangoimitsidwa. A Redson anali ndi matenda a shuga, ndipo a Consolata ankayenda tsiku lililonse kukawapatsa chakudya kundende. Mpingo unawaimitsa paudindo kufikira mlandu utaweruzidwa. Pakhomo a Consolata sanamufunsenso kanthu Lexon. Ankamuikira chakudya patebulo, iwo n'kukadyera kukhitchini.

Lamlungu lina a Consolata anati, "Bambo ako akukufuna."

Lexon anapita, nawapeza ataonda, miyendo itatupa, atavala malaya omwe anagwidwa nawo. Analankhulana kudzera pawaya.

"Wabwera, mwanawe. Amayi ako ukuwathandiza kutunga madzi?"

"Eya, bambo."

"Ndifunse chinthu chimodzi. Rimoti ya mayi a ku Area 11 aja inali ndi vuto lanji?"

Lexon anayang'ana pansi. "Batire."

"Unapukuta? Unaona mabatani?"

"Zonse zinali bwino. Linali batire lokha."

A Redson anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva nkhani ya kutali.

"Batire lokha," anatero. "Ine sindikutchula, Lexon. Sindinabereke mwana kuti ndidzam'pereke ndi pakamwa panga. Kulankhula n'kwako. Ukalankhula, ndituluka. Ukapanda kulankhula, ndikhala. Koma usachedwe kusankha, thupi langali silikundimvera."

"Ndipita mawa, bambo."

Mawa lake anavala, nafika mpaka pachipata cha polisi. Anaona akaidi akutsitsidwa m'lole, opanda nsapato, ndipo anabwerera. Tsiku lotsatira anati adikire tsiku la khoti. Tsiku la khoti mlandu unaimitsidwanso, ndipo iye anapumira m'mwamba.

A Redson anakomoka m'chitolokosi Lachinayi lina. Anamwalira akupita nawo kuchipatala.

Maliro anakaikidwa kwawo ku Mitundu. Popeza anamwalira ali woimitsidwa, amayi a chigwirizano anabwera osavala yunifolomu, ndipo abusa anatumiza mlaliki. Munthu amene anaimirira pa maliro a anthu ambiri m'mudzimo anatsitsidwa m'manda ndi pemphero lalifupi ndi nyimbo imodzi. Kumbuyo anthu ankanong'onezana kuti, "Akulu a mpingo a masiku ano."

Adzukulu atayamba kukwirira, Lexon anafuula.

"Ndine! Ndinaba makiyi ndine! Bambo anga sanadziwe kanthu!"

Makasu anaima. Anthu onse anatembenuka. A Consolata okha ndi amene sanadzidzimuke. Anakonza mpango wawo, nalankhula motsitsa mawu.

"Ukuuza ndani? Amene ankadikira mawu amenewo ndi awo agona apowo. Adzukulu, pitirizani."

Lexon anakadzipereka yekha ku polisi, ndipo khoti linam'patsa zaka zisanu ndi ziwiri. Magalimoto aja sanapezeke. Lamlungu lina kutchalitchi analengeza kuti malemu Chikadza analibe mlandu. Chilengezocho chinabwera pakati pa cha kwaya ndi cha tsiku losesa kumanda. A Consolata anagulitsa makina awo osokera, nabwerera kumudzi. Pakhonde paja tsopano pamakhala munthu wogulitsa zikwama.

Wachinyamata iwe amene wapatsidwa ntchito m'manja, usanamize munthu amene wakukhulupirira chifukwa sadziwa zimene iwe ukudziwa. Bodza la pantchito ndi kuba, ngakhale likhale laling'ono, ndipo chilango chake kawirikawiri chimayamba kugwera amene amakukonda. Ngati walakwa kale, ulula lero. Mulungu amakhululukira wolapa nthawi iliyonse, koma munthu amene akuvutika m'malo mwako sadzakhalapo nthawi zonse kuti amve.