Tsiku Limene Tsekwe Tsonka Anayetsemula

Nevena ankakhala mumzinda wa Sofia ndi amayi ake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Tsonka asatsekeredwe m'bokosi.

Tsonka anali tsekwe. Anali chidole chansalu. Lamlungu lililonse ankaoneka pa TV. Ana tonse a nthawi imeneyo tinkamudziwa. Akayamba kulankhula, supu ankazizira m'mbale.

Amayi a Nevena ndi amene ankamulankhulitsa. Ankakhala pansi pa tebulo. Ankalowetsa mkono m'khosi mwa Tsonka. Zala zawo zinkatsegula mlomo wake. Mawu anali awo. Anagwira ntchito imeneyi zaka khumi.

Masiku amenewo TV inalibe mitundu. Inkaonetsa zakuda ndi zoyera basi. Ife tinkaona tsekwe woyera. Koma Tsonka sanali woyera ayi. Anali wabuluu. Nsalu yoyera inkathobwa kamera. Nsalu yabuluu ndi imene inkatuluka yoyera bwino. Anatipusitsa zaka khumi, ife osadziwa kanthu.

Kenako kunabwera makamera oonetsa mitundu. Bambo Kolyo, mkulu wa pulogalamuyo, anagwira njakata. Anati ana aona chinsinsi. Anati padziko palibe tsekwe wabuluu. Anati Lachisanu amuyesa Tsonka komaliza pa kamera yatsopano. Akaoneka wabuluu, alowa m'bokosi.

Lachinayi amayi anabwera naye Tsonka kunyumba. Anamupesa nthenga. Anamuika m'chikwama.

Nevena sanakhazikike. Anakhala pampando. Anaimirira. Anapita pawindo. Anabwerera pampando. Anaimiriranso. Chakudya sichinalowe. Mtima unkamuwawa kwambiri.

Lachisanu m'mawa analowa kukhitchini. Anaona chitini cha ufa watirigu. Unali ufa wophikira banitsa, chitumbuwa chawo cha Lamlungu. Ufawo unali woyera mbee. Nevena anayang'ana ufa. Anayang'ana chikwama. Anayang'ananso ufa.

Anamutulutsa Tsonka. Anamuthira ufa kumutu. Anamuthira ufa kukhosi. Anamuthira ufa kumapiko. Chitini chinatsala chopanda kanthu. Anamubwezera m'chikwama mwakachetechete.

Sukulu inali yotseka. Choncho anapita limodzi ndi amayi kuntchito kwawo. M'basi miyendo yake inkangogwedezeka. Amayi anamufunsa ngati muli nyerere m'nsapato. Nevena anangoyang'ana pawindo.

Anafika mochedwa. Magetsi aakulu anali atayaka kale. Amayi anatsegula chikwama. Anaona tsekwe woyera. Anamuyang'ana Nevena ndi diso lakuthwa. Koma nthawi yofunsa panalibe. Analowa pansi pa tebulo. Anakweza mkono.

Bambo Kolyo anayang'ana pa TV yawo yaing'ono. Anapukuta magalasi. Anayang'ananso. Tsekwe anali woyera ndithu.

“Moni, ana inu,” anatero Tsonka.

Koma ufa unkagwa. Unkagwera pansi pa tebulo. Unagwera m'tsitsi mwa amayi. Unagwera pamphuno pawo. Amayi anapirira. Anapirirabe. Kenako zinawakanika.

“Etsiii!”

Mkono unagwedezeka. Tsonka anagwedezeka. Ufa unati koboo m'chipinda monse. Ndevu za bambo Kolyo zinayera mbuu. Ufa utatsika, pa TV panali tsekwe wabuluu.

Nevena anatuluka pakona pamene anaima. Misozi inali m'masaya.

“Ndine ndathira ufa, amalume,” anatero. “Musamuike m'bokosi. Muli mdima.”

Bambo Kolyo anakhala pansi. Anamuuza mofatsa kuti iwonso amamukonda Tsonka. Koma ankaopa. Ankaopa kuti ana akamuona wabuluu amukana.

“Ine ndinamudziwa ali wabuluu,” anatero Nevena. “Sindinamukanepo.”

Bambo Kolyo anakanda ndevu. Pamenepo Tsonka anatembenuza khosi. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe Kolyo,” anatero Tsonka, “ukunena za mtundu wanga? Tayamba waona ndevu zakozo.”

Wojambula anayamba kuseka. Kamera inagwedera. Wa magetsi naye anaseka. Bambo Kolyo anayesa kulimba nkhope. Sizinatheke. Anaseka mpaka kutsokomola ufa.

“Lamlungu tichita chimodzimodzi,” anatero. “Ufa, kuyetsemula, zonse. Ana adzionere okha.”

Lamlungu linafika. Kwathu TV inali yakale. Tinathamangira kwa aneba a pamwamba m'nyumba yathu yosanjikizana, amene anali ndi yatsopano. Tinadzazana pansi ngati nyemba. Tsonka anatuluka woyera. Anayetsemula. Anasanduka wabuluu. Tinakuwa mpaka aneba a pansi anagogoda denga ndi tsache.

Palibe mwana amene anamukana. Lolemba choko chabuluu chinatha kusukulu kwathu. Aliyense ankajambula tsekwe. Tsonka anakhalanso pa TV zaka makumi awiri, ali wabuluu yemweyo.

Kwa a Nevena Lamlungu limenelo kunalibe banitsa. Anadya buledi ndi tchizi. Tsonka anakhala nawo patebulo.

“Amayi, mwakwiya?” anafunsa Nevena.

Amayi anasiya buledi wawo. Analowetsa mkono m'khosi mwa Tsonka. Tsonka anatambasula khosi pang'onopang'ono. Anagoneka mutu wake paphewa la Nevena.

“Zikomo, mwanawe,” anatero Tsonka.

Anali mawu enieni a amayi, osati a tsekwe.