Dontho la Madzi pa Dayamondi

Izi zidachitikadi. Siew Ling, amene adaziona ndi maso ake, akadali ku Singapore komweko, ngakhale sakonda kuzikamba.

Ankagwira ntchito m'labotale yopanga tizipangizo toyezera magazi. M'kachipangizo kalikonse ankaikamo kachidutswa ka dayamondi yochita kupanga, kopyapyala ngati chikhadabo. Akakapaka mankhwala ake, kankagwira puloteni imene mtima umatayira m'magazi ukayamba kuwonongeka. Wopanga dayamondiyo m'ng'anjo anali a Teo, amene onse ankangowatchula kuti Amalume, bambo wanthabwala amene mkazi wawo adamwalira chaka chapitacho.

Tsiku lina masana, m'mwezi wa mizimu, anthu akuotchera akufa mapepala m'mbali mwa msewu, Siew Ling adatola kachidutswa patebulo la a Teo. Adakalumikiza ku makina asanakapake mankhwala, n'kudonthezapo madzi wamba pongoyesa mawaya. Makina adali zii.

A Teo adalowa ndi khofi m'manja. Pomwepo makina adalira, nambala ikukwera.

"Amalume, tabwererani m'mbuyo pang'ono."

Adabwerera. Nambala idatsika. Atasendera, idakweranso.

"Iwe, madzi a pampopi ayamba liti kudwala mtima?" adaseka a Teo.

Kenaka mudamveka fungo. Mafuta opaka mutu ukamapweteka, aja a amayi achikulire. Chitseko chinali chotseka. A Teo adasiya kuseka.

"Wakatenga pati kameneko?"

"M'kambale kofiira, Amalume."

Kapu idagwa.

"Si ka ntchito ako," adanong'ona. "Ndi Bee Choo, mkazi wanga. Ndidakapanga ndi phulusa lake, ndimati ndikaike pamphete. Fungoli ndi la mafuta ake."

Makina adaliranso, osalekeza.

"Amalume, pachifuwa pakupweteka?"

"Aa, ndi mpweya chabe. Ndadya zatsabola."

"Tiyeni kuchipatala."

"Ndi mmene ankandilondolera Bee Choo tsiku ndi tsiku."

"Tiyeni, chonde!"

Mtsikana amene sankakweza mawu ndi kale lonse adawakoka dzanja mpaka m'takisi. A Teo adakomoka pakhomo la chipatala penipeni. Madokotala adati mtsempha wa mtima udali utatsekeka, ndipo akadachedwa pang'ono, bwenzi ali maliro.

Siew Ling adabwerera kulabotale kukazimitsa makina. Dontho lija lidali litauma. Akuluakulu ake adakaunika kachidutswako mbali zonse, osapezapo magazi kapena mankhwala.

Mpheteyo a Teo amaivala mpaka lero. Akaiwala kumwa mapiritsi, akuti chipinda chonse chimanunkhira mafuta aja.